Chimwenye Chimene Timamva Pamsika: Mbiri ya Hindustani ndi Mayimbidwe Ake

Lachisanu lina titatuluka mu Swala ya Jumu'ah, tidatsikira kumsika wa pano pa Nkhata Bay kukafuna usipa. M'kanyumba kena koonetsera makanema munkamveka nyimbo ya chimwenye, mawu a mayi akukwera m'mwamba ngati aduka koma osaduka. Mnyamata wina yemwe tidali naye adafunsa kuti kodi chiyankhulo chimenecho n'chiyani. Mmodzi mwa ife, amene adaphunzirako madrasa ku Limbe, adati ndi Chiurdu, pakuti adamvamo mawu omwe ankawamva kwa aphunzitsi ake. Wina adatsutsa nati kanemayo ndi wa ku Mumbai, tsono ndi Chihindi. Mkulu wina wogulitsa nsomba, yemwe ankangomvetsera uku akupirikitsa ntchentche, adadula nkhani nati: "Ana inu, chimenecho n'chimwenye basi."

Abale ndi alongo olemekezeka, onse atatu adalondola. Ndipo mkulu uja, mosadziwa, adatsekera chiganizo chake ndi liwu lomwe likupezekanso m'chiyankhulo chomwecho, pakuti ku Delhi ndi ku Lahore munthu akafuna kunena kuti zakwana amati bas.

Chiyankhulo chimene akatswiri amachitcha Hindustani chidakulira kumpoto kwa India, m'chigwa cha mitsinje ya Ganga ndi Yamuna, mozungulira mzinda wa Delhi. Muzu wake ndi mayankhulidwe a eni dera, otchedwa Khari Boli, omwe ndi mdzukulu wa chiyankhulo chakale cha Sanskrit. Kuyambira m'chaka cha 1206, pamene masultani a Chisilamu adakhazikitsa mpando wawo ku Delhi, ntchito za boma zinkayenda m'Chiperisiya ndipo za chipembedzo m'Chiarabu. Koma msilikali amayenera kugula ufa, ndipo wogulitsa ufa amayenera kutchula mtengo. Pamsika, m'misasa ya ankhondo ndi m'mabwalo a masheikh a tariqa, momwe munkalowa wolemera ndi wosauka, mudaphuka mayankhulidwe amene mafupa ake adali a ku India koma mnofu wambiri udali wobwereka. Zili ngati momwe ife timanenera kuti "ndapita kusitolo kukagula sopo." Sitolo ndi sopo ndi alendo, koma chiganizocho n'chathu ndithu.

Kwa zaka mazana angapo chiyankhulochi chidalibe dzina limodzi. Ena ankati Hindavi, ena Dehlavi, alakatuli ankati Rekhta, kutanthauza chosakanizika. Dzina loti Urdu lidayamba kumveka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo lidachokera ku liwu la Chituruki lotanthauza msasa wa mfumu ndi gulu lake.

Munthu amene mbiri ya chiyankhulochi ndi mbiri ya nyimbo zimakumana mwa iye ndi Amir Khusrau, yemwe adabadwa m'chaka cha 1253. Bambo ake adali Mturuki, mayi ake mbadwa ya India. Adatumikira masultani angapo ngati mlakatuli wa kubwalo lachifumu, koma mtima wake udali kwa mphunzitsi wake, Sheikh Nizamuddin Auliya wa tariqa ya Chishti. Sheikhyo atamwalira m'chaka cha 1325, Khusrau sadathe chaka. Adamutsatira patangopita miyezi yowerengeka, ndipo manda awo ali pafupi mu mzinda wa Delhi. Iye ankalemba m'Chiperisiya, komanso anthu amamukumbukira chifukwa cha ndakatulo za m'chiyankhulo cha amayi a pachitsime. Oyimba qawwali amamutcha gogo wa luso lawo. Alipo amene amati ndiye adapanganso sitar ndi tabla, koma ofufuza mbiri amaona kuti zida ziwirizi zidayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1700, iye atagona kale zaka 400. Si zachilendo: mtengo ukakhala waukulu m'mudzi, mbalame iliyonse amati idaswera pomwepo.

Pano tinene poyera kuti nkhani ya chilamulo cha zida zoyimbira idasiyanitsa maulama kuyambira kale, ndipo ngakhale masheikh a Chishti adaika malire pa zoyenera kumvetsera, nthawi yake ndi oyenera kukhalapo. Mfumu Aurangzeb idasiya nyimbo kubwalo kwake pamene akalonga ena a m'nthawi yomweyo ankasungabe oyimba. Chigamulo cha zimenezo tikuwasiyira eni ake odziwa. Ife tikulondola mapazi a mbiri.

Kuti timvetse zomwe oyimbawa ankachita, tiyenera kudziwa mawu awiri: raga ndi tala.

Raga si nyimbo. Ndi njira imene nyimbo zambirimbiri zimadutsamo. Mawu oyambira alipo 7, ndipo amatchulidwa sa, re, ga, ma, pa, dha, ni. Ena mwa iwo amatha kutsitsidwa kapena kukwezedwa pang'ono, ndipo onse pamodzi amakwana 12. Raga iliyonse imasankhapo ena, kawirikawiri 5, 6 kapena 7, nkuika lamulo la momwe ungakwerere, momwe ungatsikire, pomwe uyenera kuima nthawi yaitali ndi pomwe uyenera kungokhudza nkudutsa. Msodzi wa kuno angamve fanizo ili: kuchoka pa doko lathu kupita ku Usisya njira ndi yodziwika, miyala yake ndi yodziwika, koma palibe maulendo awiri ofanana, chifukwa mwera wa lero si wa dzulo. Woyimba amapeka pomwepo, pamaso pa anthu, koma osaphonya mwala ndi umodzi womwe. Raga zilinso ndi nthawi zake. Bhairav ndi ya m'bandakucha, Marwa ndi ya dzuwa likulowa, Yaman ndi ya kutangoda, Darbari ndi ya pakati pa usiku, ndipo banja la Malhar ndi la nyengo ya mvula.

Tala ndi kuzungulira kwa ng'oma. Yodziwika kwambiri, teental, ili ndi kugunda 16. Ektal 12, jhaptal 10, rupak 7. Woyimba ndi wang'oma amatha kusiyana njira, aliyense kuyenda kwake, koma ayenera kukumana pa kugunda koyamba kotchedwa sam, ndipo akakumana bwino omvera amagwedeza mitu ndi kufuula. Ng'oma isanalowe pamakhala gawo lotchedwa alap, pomwe woyimba amavundukula raga pang'onopang'ono, liwu limodzi panthawi, pamwamba pa kulira kosalekeza kwa tanpura ya nsambo 4. Gawo limeneli lokha likhoza kutha theka la ola. Tabla ndi ng'oma ziwiri zazing'ono, ndipo pa chikopa chake pamakhala banga lakuda lomatidwa kuti mawu amveke bwino. Amene adaonapo mkulu wa ng'oma kwathu kuno akumata phula pakati pa chikopa asanayambe gule adziwa kuti nzeruyo ndi imodzi.

M'chaka cha 1562 mfumu Akbar idaitanitsa ku Rewa woyimba wotchedwa Tansen, katswiri wa mayimbidwe olemera otchedwa dhrupad. Za iye zimakambidwa nthano zambiri, monga yoti ankayatsa nyale ndi mawu ake okha. Chodziwika n'chakuti manda ake ali ku Gwalior pafupi ndi a Sheikh Muhammad Ghaus, ndipo mabanja ambiri a oyimba a Chisilamu adadzilumikiza ku mbumba yake. M'nthawi ya mfumu Muhammad Shah, yomwe idalamula kuyambira 1719 mpaka 1748, Niyamat Khan wodziwika ndi dzina loti Sadarang adakweza mayimbidwe omasuka otchedwa khayal. Liwu limeneli ndi la Chiarabu, ndipo limatanthauza lingaliro. Komatu chodabwitsa n'chakuti mawu a nyimbo zimenezi sadali a Chiperisiya cha mafumu ayi. Ambiri adali m'chiyankhulo cha Braj, cha kumidzi yozungulira Mathura, m'bale wake wa Hindustani. Dzina la Chiarabu, mawu a kumudzi, woyimba Msilamu, womvera Mhindu kapena Msilamu: umo ndi momwe zidalili.

Angerezi atachotsa pampando Wajid Ali Shah wa ku Lucknow m'chaka cha 1856, ndiponso Delhi atagwa pa nkhondo ya 1857, oyimba adabalalikira kwa mafumu ang'onoang'ono a ku Gwalior, Rampur, Jaipur ndi Patiala. Kumeneko kudakhwima dongosolo la gharana, liwu lochokera ku ghar, nyumba. Wophunzira ankakhala pakhomo pa mphunzitsi zaka zambiri, kumtumikira, nkumalandira luso pakamwa popanda buku. Mphunzitsi wa Chisilamu ankatchedwa Ustad, lomwe ndi liwu lomwelo timatchulira aphunzitsi athu a madrasa; wa Chihindu ankatchedwa Pandit. Woyimba asanayambe ankatchula amene adamuphunzitsa ndi amene adaphunzitsa mphunzitsiyo. Aliyense amene adakhalapo mwondo ndi mwondo ndi mwalimu akudziwa kulemera kwa unyolo woterewu.

Pamene nyimbo zinkamanga nyumba zake, chiyankhulo chidali kung'ambika. M'chaka cha 1800 Angerezi adatsegula Fort William College ku Calcutta kuti aziphunzitsirako maofesala awo, ndipo John Gilchrist adalembetsa mabuku m'malembedwe awiri: ena m'zilembo za Chiperisiya zoyambira kumanja, ena m'zilembo za Devanagari zoyambira kumanzere. M'chaka cha 1837 boma lidachotsa Chiperisiya m'makhoti, ndipo kumpoto malo ake adatengedwa ndi Chiurdu. Pofika 1867 anthu ena a ku Banaras adayamba kupempha kuti m'makhoti muzilembedwa Chihindi cha zilembo za Devanagari, ndipo m'chaka cha 1900 bwanamkubwa Antony MacDonnell adavomera kuti ziwirizi ziziyendera limodzi m'chigawo chake. Tisanamizane kuti mkanganowu udali wa zilembo zokha. Udali wa ntchito. Amene ankadziwa malembedwe a boma ndiye ankakhala kalaliki, ndipo mwana wake ndiye ankadya bwino.

Kuchokera apo mbali iliyonse idayamba kusesa m'nyumba mwake. Olemba Chihindi ankachotsa mawu a Chiarabu ndi Chiperisiya nkuikamo a Sanskrit. Olemba Chiurdu ankachita mosemphanitsa. Buku lidakhala kitab uku, pustak uko. Nthawi idakhala waqt uku, samay uko. Zikomo adakhala shukriya uku, dhanyavad uko. Koma madzi adakhalabe pani konsekonse, ndipo mayi woitana mwana kuti adzadye ankamveka mbali zonse ziwiri. Mahatma Gandhi adayesetsa kuti dziko litenge Hindustani mmodzi wolembedwa m'zilembo zonse ziwiri, koma sizidatheke. Dziko lidagawika m'chaka cha 1947. Pakistan idatenga Chiurdu ngati chiyankhulo cha fuko, ndipo pa 14 September 1949 India idasankha Chihindi cha Devanagari kukhala cha boma.

Ife a kuno nkhani yotere sitiifunsa kwa mlendo. Chiyankhulo chimene mukuwerengachi chinkatchedwa Chinyanja mpaka m'chaka cha 1968, pamene msonkhano wa chipani cholamula udachitcha Chichewa nkuchiika kukhala cha fuko. Ku Zambia ndi ku Mozambique dzina la Chinyanja lidatsala. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi m'chaka chomwecho mpaka 1994, ndipo makolo a Chitonga amakumbukira zaka zomwe chiyankhulo chawo chinkathera pakhomo la sukulu.

Mpeni umene udadula chiyankhulo sudalowe msanga mu nyimbo. Ustad Allauddin Khan wa ku Maihar adaphunzitsa mwana wake Ali Akbar Khan limodzi ndi mnyamata wa Chihindu Ravi Shankar pa mphasa imodzi. Pa tsiku la ufulu wa India m'mwezi wa August 1947, amene adaliza chitoliro cha shehnai pa Red Fort adali Ustad Bismillah Khan, Msilamu wa ku Banaras, mzinda womwe uja mkangano wa zilembo udayambira. Ustad Bade Ghulam Ali Khan adapita ku Pakistan dziko litagawika, koma patapita zaka zingapo adabwerera ku India komwe kudali omvera ake. Sitikunena kuti zonse zidali mkaka ndi uchi. Vishnu Narayan Bhatkhande ndi Vishnu Digambar Paluskar, amene adalemba raga m'mabuku ndi kutsegula sukulu zoyimbira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, adathandiza ana a anthu wamba kupeza luso lomwe lidali lotsekeredwa m'mabanja; koma ntchito yomweyo idakankhira kumbuyo maustad ambiri osadziwa kulemba, ngati kuti zimene adasunga zaka mazanamazana adangozibwereka. Ku Pakistan nako mayimbidwe a raga adachepa omvera, ndipo ghazal ndi qawwali ndizo zidakula, mpaka Nusrat Fateh Ali Khan adazitengera ku dziko lonse asanamwalire m'chaka cha 1997.

Tsono tibwerere kunyanja yathu, tione momwe zinthu zimenezi zidatifikira.

M'chaka cha 1891 Harry Johnston, woimira boma la Britain m'dziko muno, adatuma Captain Cecil Maguire kukatenga asilikali ku India. Adabwera nawo pafupifupi 70: Asikh, ndi Asilamu okwera pa akavalo ochokera ku Hyderabad. Ena adawonjezeredwa m'zaka zotsatira. Amenewa ndiwo adamenyana ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Jalasi, komanso ndi Mlozi ku Karonga m'chaka cha 1895, pa nkhondo zothetsa malonda a akapolo zomwe zidalinso nkhondo zolanda dziko. Maguire mwini adaphedwa panyanja pafupi ndi kwa Makanjira m'mwezi wa December 1891. Maofesala ochokera ku India ankayankhula ndi asilikali awo m'Chihindustani, ngakhale Asikh paokha ankacheza m'Chipunjabi. Ndipo pakati pa anthu akuda oyamba kulembedwa usilikali m'gulu limeneli padali anyamata a Chitonga a m'boma lathu lino, omwe ankaphunzitsidwa perete ndi Asikh omwewo. Choncho makutu a agogo a kuno adamva chiyankhulochi zaka 100 kanyumba ka makanema kasanamangidwe. Koma ku perete adatengako kuguba ndi lipenga la Azungu, zomwe nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha zidaphuka kukhala malipenga. Raga sidakwere nawo ngalawa.

Gulu lachiwiri lidali la amalonda, omwe adalowera ku Chinde nkukwera mtsinje wa Shire kudzera ku Chiromo mpaka Blantyre ndi Limbe, kenako kufalikira m'maboma ndi m'misika. Kumpoto kuno adafika mochedwerapo. Pano pali mfundo imene ambiri timaiphonya. Amalonda amenewa, Asilamu ndi Ahindu omwe, ambiri adachokera kuzambwe kwa India, ku Gujarat, Kathiawar ndi Kutch. M'nyumba zawo ankayankhula Chigujarati, Chikutchi kapena Chimemon. Chiurdu chidali cha mabuku a chipembedzo, cha ulaliki wa maulama obwera kudzacheza, ndi cha ndakatulo zotamanda Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye). Pa kauntala ankayankhula Chinyanja chawo chija chodziwika. Tsono chimene ife timangochitcha chimwenye ndi mtolo wa ziyankhulo zinayi kapena zisanu.

Ngakhale zidali choncho, mawu adatsala, ambiri atadzera m'Chiswahili. Galimoto ili ndi gari m'kati mwake, liwu la Chihindustani lotanthauza ngolo. Msilikali adachokera ku serikali wa Chiswahili, yemwenso adachokera ku sarkar, boma. Msilikali ndiye kuti munthu wa boma. Ndalama ya ku India idasiya liwu loti rupiya, lomwe lidalowa ngakhale m'Buku Lopatulika la anzathu a Chikhristu losindikizidwa m'zaka za m'ma 1920. Chapati, samusa ndi biriyani sizifuna umboni, makamaka m'mwezi wa Ramadhan.

Nanga bwanji mawu adaoloka koma nyimbo ayi? Kugombe la nyanja yamchere zidaoloka. Siti binti Saad wa ku Zanzibar adapita ku Bombay m'chaka cha 1928 kukajambula nyimbo zake za taarab, ndipo oyimba taarab a ku Mombasa adatenga tabla, limba lopopa ndi dzanja lotchedwa harmonium, ndi mayendedwe a nyimbo za m'makanema a ku India, nkuziveka mawu a Chiswahili. Kumeneko Mswahili ndi Mmwenye adakhalirana zaka mazana ambiri, nkumaitanirana ku maukwati. Kwathu kuno atsamunda adatiika m'masitepe atatu, Mzungu pamwamba, Mmwenye pakati, wakuda pansi, aliyense ndi sukulu yake ndi chipatala chake. Tinkakumana pa sikelo yoyezera mchere ndi pa muyezo wa nsalu. Mawu a malonda amadumpha kauntala mosavuta, koma luso lofuna zaka 10 pamphasa ya mphunzitsi silingadumphe. Komanso amene adabwera kuno adali ogulitsa ndi makalaliki a njanji, osati ana a gharana. Zimbale za galamafoni zinkalira kuseri kwa sitolo usiku, chitseko chili chotseka. Kenako m'chaka cha 1970 boma la Dr Kamuzu Banda lidalamula kuti malonda a kumidzi akhale m'manja mwa Amalawi akuda, ndipo pofika 1978 amwenye adali atasamukira m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Kakhomo kamene kadali kotsegula pang'ono m'maboma ngati lathu kadatsekeka.

Nyimbozo zidabweranso m'njira ina, kudzera m'matepi a vidiyo ndipo kenako pa lamya za m'manja, popanda wozifotokoza. Ndipo apa ndi pamene funso la mnyamata uja likupeza yankho. Opanga makanema a ku Bombay ankafuna kugulitsa kwa aliyense, tsono adakana kusesa m'nyumba. Adasunga chiyankhulo cha pakati, chomwe Gandhi adalephera kuchiika m'malamulo. Olemba mawu a nyimbo zawo ambiri adali alakatuli a Chiurdu monga Sahir Ludhianvi, Shakeel Badayuni ndi Majrooh Sultanpuri. Nduna yoona za wailesi B. V. Keskar itachepetsa nyimbo za m'makanema pa All India Radio m'chaka cha 1952, anthu adangotembenuza kachitsulo nkumamvera Radio Ceylon, mpaka boma lidagonja nkutsegula Vividh Bharati m'chaka cha 1957. Raga nazo zidabisala momwemo. Naushad adamanga nyimbo za kanema wa Baiju Bawra wa 1952 pa raga zenizeni, Mohammed Rafi nkuziyimba, ndipo mu Mughal-e-Azam wa 1960 mawu a Tansen adayimbidwa ndi Bade Ghulam Ali Khan mwiniwake. Lata Mangeshkar, yemwe adamwalira m'chaka cha 2022, adaphunzira raga kwa bambo ake ndi kwa Ustad Aman Ali Khan. Kukwera kwa mawu osaduka kumene tidamva pamsika paja ndi kachidutswa ka mphindi zitatu ka chinthu chomwe eni ake amachiyala usiku wonse.

Patapita masiku mnyamata uja adandipeza pafupi ndi doko Swala ya Asr itadutsa, lamya ili m'manja. Adati wapeza raga Marwa yolizidwa ndi Ustad Ali Akbar Khan pa chida cha nsambo chotchedwa sarod, ndipo akufuna aone ngati n'zoona kuti ndi ya dzuwa likulowa. Tidakhala pamwala. Dzuwa lidali likutsikira kuseri kwa mapiri, asodzi akukonza nyale zawo za usiku. Nsambo idalira liwu limodzi, nkukhala chete, nkuliranso lina pansi pake. Mnyamatayo ankangoyang'ana pa lamya kudikira kuti nyimboyo iyambe liti. Ndidamuuza kuti idayamba kale. Adhana ya Maghrib idamveka kumtunda tabla isanalowe n'komwe, ndipo tidazimitsa lamya nkutsikira kumadzi kukapanga wudhu.